Pa Katope Sipakumbidwa

Sabata yatha tinaphika mowa wa bona wa atsibweni anga a Kalisito, ndipo kunabwera anthu ambiri kuposa amene anabwera pa maliro. Ine sindinadabwe. Pa maliro ambiri ankayenda chonyang'ama ngati mkuluyo adzuka n'kuwafunsa chimene abwerera. Tsopano chaka chatha, aona kuti anagonadi, ndiye anabwera ndi zipanda zawo kudzamwa ndi kudzaseka. Bambo wina atakhuta anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Nanga pa katope paja mukumba liti, mayi? Tikufuna tione chimene anakwirirapo." Ndinamuuza kuti mowa watha, azipita kwawo.

A Kalisito anali mlongo wa amayi anga, wamkulu kwa iwo, choncho ndiwo anali mwini mbumba wathu. Dzina la ubatizolo ankalitchula ndi a padiri okha. Mudzi wonse, kuyambira kwathu kuno mpaka ku msika wa ku Chifunde, unkawadziwa kuti a Wakutuma. Munthu akaodira pakhomo pawo, iwo sankayamba ndi moni. Ankamuyang'ana kuyambira kumapazi kukwera, kenako n'kumufunsa amene wamutuma. Ankafunsa ana, ankafunsa akatekisita, ndipo tsiku lina ndinawapeza akufunsa nkhuku ya eni imene inalowa m'nyumba mwawo.

Anali munthu wamtali, wowonda, wovala kazako wakuda, jekete lake lalikulu lija, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Pokhala pansi ankafuna khoma kumsana. Akapita kwina sankabwerera njira imene anadzera popita. Mukawapatsa mchere kapena ufa, ankayamba aponyerako nkhuku n'kuziyang'anitsitsa mpaka zitachoka zili bwinobwino. Madzulo aliwonse ankasesa ndi nthambi kanjira kopita ku dimba, kuti m'mawa akaone mapazi a aliyense amene wadutsapo. Ankakonda kunena kuti munthu wokupatsa moni kawiri tsiku limodzi pali chimene anaiwala kuba ulendo woyamba. Ankatinso mbewu ya m'pepala lonyezimira ili ndi mwini wake, ndipo tsiku lina adzabwera kudzaitenga pamodzi ndi munda womwe. Ana tinkaseka, koma tinkaseka tili patali.

Dimba limene ankalilondalo silinali lawo. Ndi la ife akazi, lochokera kwa agogo a amayi, ndipo lili m'mbali mwa kamtsinje kumunsi kwa mudzi. Akulu amati kale linkadyetsa mbumba yonse mpiru ndi zitheba m'chilimwe. Nkhondo ya pachiweniweni ija itabwera anthu anathawira ku Zambia, ndipo atabwerako aliyense anathamangira ku dimba lake, koma lathu linangokhala thengo. Atsibweni anabzala nthochi ndi nzimbe kumtunda kokha. Kumunsi, pamene pali mtengo wa katope, sankalola munthu kuponyapo khasu, ngakhale kumangirirapo mbuzi.

Mudzi sukhala wopanda yankho. Ine ndine mwana mmodzi yekha wa amayi anga. Ndinabadwa nkhondo isanafike kwathu, ndipo pambuyo panga panangobwera mtayo, mwana wobadwa wakufa, m'masiku othawa aja. Kuchokera pamenepo amayi sanaimenso. Abambo anga anadikira, anatopa, n'kukwatira mkazi wina ku Zambia konko. Anthu anaphatikiza zinthu ziwirizi. Ankati a Wakutuma anamanga mimba ya mlongo wawo kuti mbumba isachuluke, dimba likhale lawo, ndipo mankhwalawo anawakwirira pa katope. Amayi sananenepo zimenezi pagulu, pajatu khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Koma ndinakula ndikuona atsibweni akubwera ndi mkoko wa nthochi kapena mtolo wa nkhuni, n'kutula pakhonde pathu, amayi n'kungoyang'ana kumbali osanena zikomo. Nthochizo ankadya ndine.

Ndinabwerera kumudzi kuchokera ku Tete amuna anga atamwalira, ndili ndi ana atatu ndi manja awiri. Munda wa chimanga wa amayi unali utatopa, sunkabereka popanda adubu, feteleza wa m'matumba uja. Azimayi a ku parishi anali atandiphunzitsa kulima ndiwo zamasamba popanda adubu ndi popanda mankhwala a m'botolo: kuunjika mapesi, ndowe ndi phulusa mpaka ziwole, kuphimba mabedi ndi udzu, kuthamangitsa nsabwe za m'masamba ndi madzi a tsabola ndi masamba a nimu. Ndinkadziwa kuti atsibweni anakangana kwa zaka ndi aliyense wobwera ndi matumba a adubu. Ankati nthaka ikalawa zimenezo imakhala ngati munthu wozolowera kachasu, siidzukanso yokha. Ndiye ndinapita kwa iwo mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti ulendo uno tigwirizana.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, maso ali pa nsapato zanga.

"Iwe Luwiza, wakutuma ndani?"

"Yandituma ndi njala, atsibweni."

"Njala siidziwa dzina la katope. Munthu wochokera ku Tete, wa manja osalala chonchi, angafune kusenza ndowe pamutu? Ndani wakuuza kuti ubwere?"

Ndinapsa mtima, koma ndinameza. Tinakokanakokana mpaka anandilola kulima pakati pa dimba, pamalamulo awo. Ndowe za m'khola la eni anakana, amati ukathira ndowe za mnzako wamupatsa dzanja m'dimba mwako, ndipo zokolola zimamutsatira kwawo. Ndinayenera kutolera za mbuzi zathu zokha, zimene sizinkakwana n'komwe. Mbewu ya kove, ndiwo zonga repu, ndi ya alifasi, amene ena amati letesi, anainunkhiza, ina anaitafuna n'kulavula. Madzi anga a tsabola anawathira kaye pa nzimbe imodzi n'kudikira kuti aone ngati ifota. Mulu wa manyowa utayamba kutentha m'kati, anapisamo dzanja n'kulichotsa msanga, ndipo tsiku limenelo sanandiyankhule. Ankakhulupirira kuti ndaikamo kanthu. Lamulo lalikulu linali limodzi: kumunsi kwa mzere wa nthochi kusafike khasu langa.

Kunena zoona, ankandithandizanso, koma mwa njira yawo. Ndinkapeza mpanda wa minga wokonzedwa pamene mbuzi zinaboola, ndipo ndikawathokoza ankakana kuti si iwo. Ankazula udzu m'mabedi a matimati uku akung'ung'udza kuti matimatiwo ndi ofiira mokayikitsa. Kove woyamba atakula ndinawaphikira wotendera. Anadya mbale yonse nditayamba ndalawa ine, kenako anati ndiwozo zikukoma ngati za kale, ndipo chimenecho n'chimene chikuwadetsa nkhawa.

Anamwalira m'dzinja la chaka chatha ndi chifuwa. Tinawatengera ku chipatala cha ku Chifunde pa mota, njinga yamoto ija, ine nditawagwira kumbuyo, iwo akulozera woyendetsa njira ina yosiyana ndi imene aliyense amadzera. Namwino atabwera ndi jekeseni anamufunsa funso lawo lija, mawu akutuluka movutikira, ndipo mtsikanayo anaseka n'kunena kuti wamutuma ndi Mulungu. Iwo anati ayambe wadzibaya yekha. Amayi anabwera kudzawaona kamodzi, anakhala kumiyendo kwa bedi, ndipo awiriwo anakambirana za mvula basi.

Koma ndadumpha. Chimene chinandichititsa kulemba izi chinachitika iwo asanadwale, m'chilimwe changa chachiwiri pa dimbapo.

Kamtsinje kathu kamaphwa dzuwa likafika poipa. Chaka choyamba ndinkafukula mchenga pakati pa mtsinje n'kumadikira timadzi tisonkhane, kenako n'kusenza ndowa kukwera nazo kumtunda. Msana unandithyoka, ndipo theka la mabedi linapserera ndikuona. Pamene izi zinkachitika, pansi pa katope panali pobiriwira, dothi lake lonyowa moti ukaponda chidendene chimalowa. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti pamene pali katope madzi ali pafupi. Chitsime chinali pomwepo, chikungofuna munthu wochitsegula. Ndinapempha atsibweni mwaulemu, anakana. Ndinapempha ndikulira, anakananso, osapereka chifukwa.

Amayi ndiwo anandilimbitsa mtima. "Dimbalo ndi lathu, mwanawe. Achimwenewo ndi mlonda chabe. Ukumbe, tione chimene akubisa."

Ndinadikira tsiku limene atsibweni ankapita ku maliro ku Nsadzo. Ndinaphika thobwa n'kuitana amuna awiri a m'mudzi kuti adzandikumbire, ndipo anavomera mwachangu chimene sindinachionepo pa ntchito ina iliyonse. M'mawa ndinaperekeza atsibweni mpaka pamsewu, n'kuwagwirira njinga pokwera. Pamenepo ndiye ndinalakwitsa, chifukwa chibadwire sindinawaperekezepo. Anapalasa mpaka kuseri kwa chulu, anaganiza za nkhope yanga, n'kutembenuka.

Anatipeza dzenje litafika m'mawondo. Sanakalipe. Anagoneka njinga pansi, anavula nsapato, analowa m'dzenjemo ndi kazako wawo yemwe n'kukhala pansi m'matope, miyendo atatambasula.

"Pitirizani," anawauza amunawo. "Mukumbe ine poyamba. Mukatopa mundikwirire momwemo."

Amunawo anayang'anana. Mmodzi anayesa kuseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Anatola makasu awo n'kumapita, thobwa osalimaliza, ndipo ndinadziwa kuti dzuwa lisanalowe mudzi wonse ukhala utamva kuti mfiti yakhalira mankhwala ake ngati nkhuku pa mazira.

Ine ndinaima pamphepete pa dzenjelo. Ndinawauza zonse zimene ndinasunga kuyambira ndili mwana. Ndinati ana anga agona ndi njala chifukwa cha nyanga zawo. Ndinati zimene amanena anthu n'zoona, anamanga amayi anga, anandisandutsa mwana wopanda mng'ono ndi wopanda bambo. Mawu amenewa sauzidwa kwa atsibweni, koma ndinawanena, ndipo ndinkayembekezera kuti anditemberera.

"Khala pansi," anatero. "Yang'ana kaye ngati apitadi."

Ndinayang'ana, ndipo kunalibe munthu. Ndinakhala pa mulu wa dothi.

"Tsiku lothawa lija iwe unatsogola ndi abambo ako pamodzi ndi anthu onse. Amayi ako anali ndi pakati potopa, sakanatha kuyenda, ndiye ine ndinatsala nawo m'bango umo. Matenda anawayamba masana. Panalibe mzamba, panalibe mkazi ndi mmodzi yemwe, ndinalipo ine mlongo wawo, amene sindiyenera n'komwe kuona zotero. Mwana anabadwa osalira. Anali wamkazi."

Anatola dothi n'kumalifinya m'manja.

"Ukudziwa mwambo wa mtayo. Amataya ndi akazi okha, mwamuna sayandikira. Ndipo sakumba mozama. Ukazamitsa, watsekera mwanayo njira yobwerera, mayi wake sadzaimanso. Amayi ako anandigwira mkono, magazi akutayika, akuti, achimwene, mukamuike mumchenga m'mbali mwa madzi, mukalekeze m'chigongono, musakapitirire. Ananena kawiri. Ine ndinavomera."

"Ndiye munatani?"

"Ndinapita ku mchengako. Ndinapeza mapazi a afisi ali mbwee, ndi a agalu a m'mudzi amene eni ake anawasiya. Agalu amenewo anali atayamba kudya zimene galu sadya, ndinali nditaona ndi maso anga. Ndinaima ndi kamwanako m'manja. Chigongono, Luwiza? Galu amafukula chigongono asanatope n'komwe. Ndinabwera pano pofewa, ndinakumba mpaka m'chiuno. Ndinakavundikira ndi beseni la malata la amayi ako, ndinasanja miyala pamwamba, n'kukwirira. Nditabwerera ndinati ndachita monga mwanenera. Za beseni ndinati lapita ndi madzi."

Kenako anapitiriza. "Ku Zambia amayi akuluakulu anandifunsa, ndinanama. Chaka chinatha, china chinatha, mlongo wanga osaima. Abambo ako anachoka. Anthu akamati ndinamumanga sanama ayi. Amangolakwitsa chomangira. Iwo amati nyanga, pamene linali khasu."

Ukali wanga unasowa kolowera. Ndinawauza zimene ndinamva kwa anamwino ku Tete, kuti mayi akachira movutika kuthengo, wopanda chithandizo, chiberekero chimatha kuwonongeka, ndipo kuzama kwa dzenje kulibe nazo kanthu. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa ufa wachilendo.

"Anamwino akowo analipo?"

"Kunalibe, koma bwanji osawauza amayi? Zaka zonsezi akhala akukuyesani mfiti."

"Azindiyesa. Munthu amadana ndi mfiti n'kugona tulo take bwinobwino. Amayi ako amadziwa kuti mwana wawo anagona pamchenga, madzi anabwera n'kumutenga mwaulemu. Ukufuna ndikawauze kuti ali pano, pansi pa miyala, ndamupanikiza ine zaka zonsezi? Asadziwe ndili moyo, asadziwenso nditafa. Ukakumba chitsime chako ufika pa beseni lija, ndipo iwo alidziwa, linali la ukwati wawo. Walumbira?"

Ndinalumbira. Anatambasula dzanja kuti ndiwakoke, ndipo ndinadabwa kupepuka kwawo. Tinabwezeramo dothi lina awiriwiri, koma dzenjelo silinadzaze bwino. Titafika kunyumba amayi anandifunsa chimene chachitika, ine ndinati tapeza thanthwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

Chiyambire tsiku limenelo sindinawasekenso atsibweni. Ndinayamba kuona kuti munthu amene ankasesa kanjira madzulo aliwonse sankaopa akuba mpiru. Amati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ndinawamvera chisoni chimene sindinachimverepo munthu wina. Koma ndinene chilungamo, popeza ndine mbumba yawo ndipo magazi ndi amodzi: pali masiku amene ndimakayika. Munthu wochenjera ngati uja akanatha kupeka nkhani imene ankadziwa kuti indimanga manja. Mboni palibe. Amayi sindingawafunse. Njira yokha yodziwira ngati anandiuza zoona ndi kukumba, ndipo ngati ananena zoona, ndidzadziwa nthawi itatha kale.

Bona litatha, anthu atabalalika, ndinkatsuka mbiya kuseri kwa nyumba pamene amayi anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pa mtondo. Akalamba tsopano, maso ayamba kuchita khungu.

"Mlonda uja wapita, mzimu wake tauperekeza," anatero. "Tsopano palibe wokuletsa. Uitanenso anthu aja."

"Pali thanthwe paja, amayi. Ndinakuuzani."

"Pa katope sipakhala thanthwe, ndinabadwira pano ine. Ukumbe, ndipo tsikulo undiitane ndidzaimepo. Ndikufuna ndione chimene anandimanga nacho maso anga asanatsekeke. Ndadikira nthawi yaitali."

Ndinapitiriza kutsuka mbiya imene inali itayera kale.

"Kapena anakusiyira iwe?" anafunsa motsitsa mawu. "Anakupatsa chiyani m'dzenje muja, Luwiza?"

Ndinathiranso madzi m'mbiyamo. Anadzuka okha, n'kukana dzanja langa, ndipo madzulo amenewo chakudya chimene ndinawapakulira anachisiya chivundikirire. Zinandipweteka kuposa imfa ya atsibweni. Ndikakumba, ndiyeretsa dzina la mlongo wawo, ndipeza madzi a ana anga, ndipo mayi wokalamba adzaona beseni la ukwati wake likutuluka pansi pa miyala. Ndikapanda kukumba, adzapita kumanda akudana ndi munthu amene anatsala nawo m'bango pamene onse anathawa, ndipo tsopano akundiopanso ine.

Chilimwe chafikanso. Mtsinje waphwa, ndipo mabedi a kumtunda ayamba kufota, alifasi ndiye ndamutaya kale. M'mawa uliwonse ndimatsika ndi ndowa ziwiri kupita ku mchenga, ndipo njira yake imadutsa pa katope. Pamene tinakwirira paja panatitimira, pakhala kachigwa kozungulira kamene mwamera udzu wanthete. Palibe amene amakhalapo, ngakhale mthunzi wake ndi wabwino kuposa wina uliwonse m'dimbamo. Masamba a katope amagwera momwemo osasesedwa. Pakati pake patuluka timadzi toyera tosadzaza chikho, ndipo mbalame zimatera n'kumwa. Ine ndimalambalala ndi ndowa zanga zopanda kanthu, n'kukafukula mchenga.